Chala Chimene Ndinachisiya ku Zomba

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Mwandipatsa mpata, ndiye mundipirire, chifukwa munthu wa pa bwato sadziwa kulankhula motsitsa mawu. Akuluakulu mukundidziwa, ndine Faisoni wa pa doko la Kachulu, uja ndinkawolotsa anthu kupita ku chilumba cha Chisi. Achinyamata mumangondidziwa ngati mdala woyenda chopendekera amene amamwa tiyi wopanda shuga. Ndamva kuti madzi ayambanso kuthawa, ndipo ndaona ndi maso anga amuna ena atayamba kale kukhala m'makonde dzuwa lili paliwombo, maso ali pansi. N'chifukwa chake ndaima pano. Nsapato ya kumanjayi ndiivula ndikamaliza. Musachite mantha, ndasamba.

Kachulu wa masiku amenewo, inu! Kunali koyambirira kwa zaka za m'ma 90, matipati ambiri asanabwere n'komwe. Ukafika pa doko m'mawa unkasowa poponda. Matemba ali mbee pa mathandala, utsi wa milamba ukulowa m'maso, ogula nsomba ochokera ku Zomba ndi ku Songani akukanganirana madengu, wailesi ya m'nyumba ya tiyi ikulira mpaka kusasa mawu. Fungo lija alendo ankatseka nalo mphuno, koma ine ndikalikumbuka lero mtima umandiwawa.

Nyanja yathuyi si ya nkhafi, mukudziwa, ndi ya nsungwi. Umaima kumbuyo kwa bwato wopanda nsapato, chala chachikulu cha kuphazi chitagwira mphepete mwa thabwa, n'kuzika nsungwi m'matope, n'kukankha. Mphamvu yonse imachokera pa chala chimenecho. Ine ndi mng'ono wanga Lufeyo tinkasinthana, wina akatopa wina amalandira. Tinanyamula chilichonse: amayi ndi matumba a mpunga, mbuzi zomangidwa miyendo, aphunzitsi ndi matilesi awo, akwati, maliro. Lufeyo ankaimba njira yonse, mawu ake oipa ngati a chule, koma okwera ankamupempha kuti abwereze. Thupi langa linali louma gwa, lopanda mnofu wotsala. Ndinkadya nsomba za makumba ndi masamba a maungu, n'kugona tulo tofa nato. Shuga ndinkamudziwa wa m'sitolo basi, sindinkadziwa kuti kulinso matenda a dzina limenelo.

Kenaka zinthu zinabwera motsatana. Lufeyo anayamba kutsokomola, anaonda mpaka wotchi imatsetsereka kufika pachigongono, n'kutisiya. Inali nthawi ija ya kaliwondewonde, pamene munthu akangotsika thupi pang'ono anthu ankayamba kunong'onezana. Pa maliro ake ndinaona anthu akundiyeza ndi maso, kuyambira m'khosi mpaka m'miyendo. Misozi sinatuluke. Ndinkati ituluka mawa, koma sinabwere.

Mvula nayo inakana zaka zotsatizana. Madzi anayamba kubwerera m'mbuyo, tinkakankha bwato m'matope mtunda wautali tisanapeze poyandama. Tsiku lina ndinaona munthu akupita ku Chisi pa njinga. Pa njinga, abale, pamalo pamene ndinkazika nsungwi yonse! Ndinakokera bwato pambali pa njedza zouma, udzu wautali uja wa m'nyanja, n'kupita kunyumba, n'kukhala pansi.

Anzanga anabalalika. Ena anapita ku nyanja ya Chiuta, ena ku ya Malombe, ena anayamba kulima pomwe panali madzi. Mlamu wanga a Dinala, mchimwene wa mkazi wanga, analima dimba lalikulu n'kundiitana kangapo. Ine ndinkangoti mawa. Ndine mkamwini m'mudzi muno, ndipo mkamwini wosagwira khasu mukudziwa mmene amamuonera. Manyazi amenewo m'malo mondidzutsa anandikhomera m'nyumba.

Mkazi wanga Esinati, ali apoyo akubisa nkhope ndi chitenje, ndi amene ananyamula banja. Anayamba kukazinga mandasi n'kumagulitsa pa msewu. Koma Esinati anali ndi mantha amodzi okha: kuti ndingaonde ngati Lufeyo. Ankandiyang'ana m'khosi m'mawa uliwonse. Ndiye anayamba kundidyetsa.

"Idyani, bambo a Eliza," ankatero. "Anthu asayambe kutinena."

M'mawa tiyi wa shuga wambiri mpaka pansi pa kapu pamatsala phala. Mandasi onse ophwanyika ndi opserera anali anga. Masana mpunga wothira shuga, chifukwa ndiwo za nsomba kunalibe. Madzulo nzimbe. Pena ndinkatumiza kabotolo ka kachasu kuti mutu ukhale chete, fodya wopichira ali kukamwa tsiku lonse. Ntchito yanga inali kusuntha mpando kutsata mthunzi. Sikuti chakudyacho chinkandikomera, ayi. Ndinkangotafuna kuti pakhale chochita.

Ndinanenepa. Mimba inatuluka, khosi linasowa, malaya anakana mabatani. Ndipo tamverani chimene chinachitika: anthu anasangalala! Odutsa pa msewu ankafuula, "A Faisoni, koma ndiye mwasalala! Nyanja inauma koma inu zikukuyenderani!" Amayi a ku tchalitchi ankamuyamikira Esinati kuti amadziwa kusamala mwamuna. Amene ankandiyeza ndi maso pa maliro aja anabwera kudzandigwira chanza. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti ndikudwala, chifukwa kuno kwathu wodwala ndi woonda.

M'kati mwangamu munali zii. Ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa ena mwa inu muli momwemo lero. Sichinali chisoni cholira nacho. Kunali kungozizira. Mwana wanga Eliza ankabwera kudzandionetsa zimene walemba kusukulu, ine n'kumayang'ana ngati ndi mwana wa eni. Kusamba kunali ngati kukwera phiri la Zomba. Ku tchalitchi ndinasiya. Munthu akabwera kudzacheza ndinkanamizira tulo. Dzuwa likatuluka ndinkadandaula kuti latulukiranji.

Kenaka mvula inabwera yamphamvu, mitsinje inadzaza, nyanja inayamba kubwerera. Mudzi wonse unathamangira ku doko, amayi akululutira. A Dinala anafika pakhomo panga ali wefuwefu.

"Alamu, dzukani! Madzi afika pa njedza paja munasiya bwato!"

Ine ndinatembenukira kukhoma. Apa ndi pamene mudziwe kuti awa ndi matenda. Ndinkadziuza kuti ndakhala pansi chifukwa nyanja yauma. Nyanja inabwerera, ine sindinabwerere.

A Dinala anali munthu wosamva kukanidwa. Tsiku lina anandikoka dzanja mpaka ku doko kuti ndikaone bwato langa. Linali litang'ambika ndi dzuwa, matabwa atatseguka, misomali ili poyera. Ndinalizungulira kamodzi, thukuta lili kamukamu, n'kubwerera kunyumba. Nditakhala pansi Eliza ndi amene anakuwa: "Ababa, magazi!" Msomali wa bwato langa lomwe unali utandibaya pansi pa chala chachikulu cha phazi la kumanja, ine osamva kanthu. Chala chija chinkamva ngakhale kamchenga pa thabwa.

Nthawi imeneyo n'kuti zina zitayamba kale. Ludzu losatha, ndinkamwa madzi ngati ng'ombe. Kukodza kosalekeza. Maso anachita chifunga. Ndipo thupi lija anthu ankaliyamikira linayamba kusungunuka, ndikudya chimodzimodzi. Esinati anawonjezera shuga, anawonjezera mandasi, koma lamba ankangofuna bowo lina. Chilonda nacho sichinapole. Tinathira mchere, tinamanga masamba, chinangoda n'kuyamba kununkha.

Manong'onong'o anabwerera. "Zija za mng'ono wake zamupeza." Anthu anasiya kugula mandasi a Esinati. Ankabwera nalo beseni madzulo lili lodzaza, n'kuliika pakona. Amayi omwe aja ankamuyamikira anayamba kudutsa kutsidya kwa msewu. Ine ndinavomereza mumtima kuti ndi matenda aja basi, ndipo ndikuuzeni zoona, sindinaope. Ndinati bola zithe. Za chipatala ndinakana, ndinati akandiuza chiyani chimene sindikuchidziwa.

Chimene chinanditengera ku chipatala ndi nyerere. Chifukwa cha phazi lija sindinkafika kuchimbudzi, ndinkangopita kuseri kwa nyumba. Tsiku lina a Dinala akudutsa kumeneko anaima n'kuitana mlongo wawo.

"Esinati, ukutayiranji tiyi kuno? Taona nyererezi."

Panali bii, nyerere zokhazokha. Esinati anati iye sanatayepo kanthu, ndi pamene amataya madzi bambo a Eliza. A Dinala anabwera pakhonde akuseka. "Alamu, mwayamba kukodza tiyi tsopano?" Koma atayang'ana phazi langa kuseka kunatha. Sanandifunsenso maganizo anga. M'mawa mwake iwo ndi Esinati anandikweza pa njinga mpaka pokwerera minibasi, ine ndikutukwana njira yonse.

Ku chipatala ku Zomba anationa dokotala wina wachinyamata, wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono. Esinati anafotokoza zonse, za nyerere anazinena pomalizira mwamanyazi. Dokotalayo anangogwedeza mutu n'kutenga magazi. Atabwerera anati, "Bambo, muli ndi matenda a shuga, ndipo akwera kwambiri. Magazi anunso akuthamanga mopitirira." Za matenda aja anayezanso, ndipo patapita masiku anandiuza kuti mulibe. Koma za phazi sanandibisire.

"Chala ichi chafa, tichotsa. Phazi tiyesetsa kulipulumutsa. Shuga akapanda kutsika, tidzadula pansi pa bondo."

Mukuganiza kuti ndinalira? Ayi ndithu. Ndinamva ngati akunena za phazi la munthu wina.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndinabwera kudzakuuzani. Chala anali atachotsa kale. Ndinali chigonere mu wodi, inali nthawi ya masana yoona odwala. Mukudziwa mwambo wathu, kwa wodwala supita chimanjamanja, ndipo chimene timanyamula ndi chotsekemera, kuti wodwala apeze mphamvu. Esinati analowa atanyamula fulasiki yobwereka, ndi mandasi okulunga m'kansalu. Anali atadzuka m'mamawa kukakazinga kumalo kumene amaphikira odikirira odwala. Sanali ophwanyika ayi, anali abwino, osankha. Dokotala anali atanena za zakudya tsiku loyamba lija, koma Esinati mutu unali pa phazi, sanamve. Anathira tiyi m'kapu, n'kumaomba ndi pakamwa kuti azizire.

Namwino wina wachikulire akudutsa anaima. Anatenga kapu ija n'kununkhiza.

"Mayi, mwathira shuga umu?"

"Eya, wambiri ndithu. Aonda kwambiri bambowa."

Namwinoyo sanakalipe. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kumufotokozera bwinobwino, kuti thupi langa lalephera kugwiritsa ntchito shuga, kuti kukhala pansi zaka zonsezi, kunenepa kuja, tiyi uja, mandasi aja, mowa ndi fodya, zonsezo zinathandizana kundifikitsa pamenepa. Anati kunenepa kuja sikunali kuchira.

Esinati anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anaika fulasiki pansi mosamala, popeza inali ya eni. Anakhala pa simenti, miyendo atatambasula ngati pa maliro, n'kugwira kumutu.

"Mayo ine! Ndiye kuti ndimawapha ndine? Ndi manja angawa? Ine ndimati ndikuwasunga!"

Namwino anamugwira paphewa n'kumuuza kuti si mlandu wake, matendawa ena amabadwa nawo m'magazi, koma iye sankamva. Ankangobwereza, "Ndimati ndikuwasunga."

Abale, ndinamuyang'ana mkazi ameneyu. Ndinaona mikono yake ili ndi zipsera za mafuta otentha kuyambira m'zala mpaka m'zigongono. Ndinaona kuti khosi lake nalo laonda, osati langa lokha. Zaka zonsezo ankandipatsa ine mandasi, iye n'kumagona ndi madzi. Ndinali naye nyumba imodzi koma sindinaone. Chinachake chinasweka pachifuwa panga. Misozi ija inakana pa maliro a Lufeyo inabwera tsiku limenelo, yonse pamodzi, ndinalira mokweza ngati mwana, pamaso pa amuna anzanga. Ndinalirira mng'ono wanga, ndinalirira nyanja, ndinamulirira Esinati. Ndinatsitsa dzanja n'kumugwira.

"Make Eliza, dzuka. Sunandiphe. Pakanapanda iwe bwenzi nditapita kalekale. Dzuka, phazi ili sadula."

Aka kanali koyamba m'zaka zimenezo kuti ndifune chinthu.

Dokotala uja atamva zimenezi anabwera n'kukoka mpando. Sanafunse za phazi. Anafunsa kuti ndinasiya liti kusangalala ndi zinthu, ndimagona bwanji, ndipo ngati ndinaganizapo zoti bola kufa. Palibe anali atandifunsapo zimenezo. Ndinamuuza zonse. Iye anati, "Bambo, muli ndi matenda awiri, ndipo amadyetsana. Maganizo anakukhazikani pansi, kukhala pansi kunakweza shuga, shuga akakwera thupi limafooka, maganizo n'kumaipiraipira. Tikachiza amodzi okha mubweranso." Ndinadabwa kumva kuti kuzizira kwa mumtima kuja kuli ndi mankhwala, ndipo si ulesi kapena kulodzedwa.

Kubwerera sikunali kwa tsiku limodzi, ndisakunamizeni. Mankhwala ndinamwa, a shuga, a kuthamanga kwa magazi ndi a maganizo omwe, ndipo tsiku la sikelo yanga ku chipatala sindinkalumpha. Tiyi wopanda shuga masiku oyamba ndinkamulavula, ndinkati awa ndi madzi otsukira mbale. Lero mukandithirira shuga ndimamva ngati mwandipatsa mankhwala. Esinati anabwerera ku nsima ya mgaiwa, mbale inachepa, masamba anachuluka: chisoso, bonongwe, nkhwani, therere. Matemba atayamba kupezekanso, tinathokoza Mulungu. Kachasu ndi fodya zinandivuta kuposa shuga. Ndinagwapo, a Dinala anandipeza ndi kabotolo n'kukathira pa chulu ine ndikuona.

Koma mankhwala aakulu anali a Dinala eni akewo. Chilonda chitapola, m'mawa uliwonse ankagogoda. "Alamu, tiyeni tikaone ngati nyanja ikadalipo." Masiku ena ndinkawayankha mwano, iwo n'kukhala pakhonde kumaimba nyimbo za ku tchalitchi molakwitsa dala mpaka nditatuluka. Poyamba tinkafika pa mjigo n'kubwerera. Kenaka pa msika. Kenaka pa doko. Tili m'njira ankandiyambitsa nkhani za Lufeyo, mpaka ndinazolowera kutchula dzina lake. Ndinaphunziranso kuyang'ana mapazi anga madzulo aliwonse, pansi ndi pakati pa zala, popeza iwo eni anasiya kundiuza akavulala.

Bwato tinalikonza tokha. Tinasintha matabwa owola, tinatseka mipata ndi nsanza ndi phula. Ntchito imeneyo inandichotsa thukuta limene linakhala m'thupi zaka zambiri. Koma tsiku loyamba kuima kumbuyo, ndinazika nsungwi, n'kukankha monga kale, phazi la kumanja linatereka, ine khuvuu m'madzi! Doko lonse linafa ndi phwete. Panalibe chala chogwira thabwa. Ndinakhala m'matopemo madzi ali m'chiuno, kuzizira kwa mumtima kuja ndikukumva kukubwerera. A Dinala anafuula ali pamtunda, "Alamu, Mulungu anakupatsani mapazi awiri! Linalo mukusungira ndani?" Ndinakwera, n'kutsogoza phazi la kumanzere. Munthu wamkulu ndinayambanso kuphunzira ngati mwana, bwato likuzungulira pamodzimodzi, anthu akuseka. Ndinavala nsapato za pulasitiki zoteteza phazi, zimene mkankhi wa bwato wakale akanaziona ngati chipongwe.

Ulendo woyamba wa ku Chisi Esinati anakwera nawo. Anati akufuna akagule mpunga, koma ndikudziwa ankafuna kundilondera. Madzi anali atadzaza, mbalame zitabwerera m'njedza, asodzi atamanganso tinyumba tawo toyandama. Tili pakati, mayi wina wokwera anandiyang'ana n'kunong'oneza mnzake, koma mawu pamadzi amamveka: "Koma bambowa aonda. Kale anali onenepa bwino."

Esinati, amene zaka zonse zija ankanjenjemera ndi mawu amenewo, anatembenuka n'kuyankha mokweza kuti bwato lonse limve.

"Eya, aonda. Ndawaondetsa ndine. Kodi simukuona kuti akukuwolotsani?"

Ndinaseka mpaka nsungwi inatsala pang'ono kundipulumuka. Kenaka ndinapezeka ndikuimba nyimbo ija ankaikonda Lufeyo, mawu anga oipa kuposa ake.

Kachulu uja sanabwererenso monga analili, ndipo ambiri amene ndinkawawolotsa anagona. Ndimawasowa. Shuga ndikadali naye, sachoka, timangosungana. Maganizo nawo amabwera nyengo zina, makamaka madzi akayamba kutsika chonchi, koma tsopano ndimawadziwa akamayandikira, ndipo ndimanena msanga. Inu amayi, mwamuna wanu akakhala chete pakhonde miyezi, musatonthozedwe ndi kunenepa kwake. Mufunseni za mumtima, mupite naye ku chipatala, akane asakane. Inu abambo, nyanja ikauma pezani chokuchotsani thukuta, ngakhale dimba la mlamu wanu.

Ndinalonjeza nsapato. Nayi, ndavula. Yang'anani, musachite manyazi, ana inu bwerani kutsogolo. Pamene pali bwanthu apa panali chala chimene chinkadyetsa banja langa. Chinatsala ku Zomba. Koma phazi ili, ili pano, ndipo ndayenda nalo kuchokera kunyumba.

A Dinala anatisiya chaka chatha, ndiye ntchito yogogoda inatsalira ine. Makonde anu ndikuwadziwa. Mawa m'mawa ndidutsa, ndipo kuimba kwanga simungakupirire.